Stori yanga ikugwera chaka chiti pa ma awadi? Mutu waima

Mlembi_Mpondasi: Akuluakulu ndithandizeni msanga. Stori yanga ya Malombe ija, ya nyanja itaphwa mu 2090 asodzi nkumavuula maloboti akufa m'matope m'malo mwa chambo, ndinaiponya pa peji yanga ya Facebook zigawo 6 mu Novembala, m'Chichewa. Ya Chingerezi ndinakasiya kopulintitsa mu Disembala, m'kati analemba chaka chathachi koma mabukuwo ndawagwira pa 9 Febuluwale, ati toner inatha, kenako ati magetsi, kenako foni osayankha. Ndiye chaka chake nchiti, cholembedwa m'bukucho kapena pomwe anthu ayamba kugula? Mawu alipo 8,300. Ndimafuna ma awadi a Caine, Commonwealth ndi Nommo. Makopi 150 ali kunsi kwa bedi, ndagulitsa 11 ndipo 4 ndi angongole.

Madala_Namwera: Achemwali, ISBN, nambala ya buku ija, ilipo?

Mlembi_Mpondasi: Ilibe madala, ndalama inathera pa kava.

Madala_Namwera: Ndiye mukufunsa za awadi zachani. Buku lopanda ISBN ndi kope la notsi. Pitani ku Zomba ku National Archives mukatenge ISBN kaye.

Sir_Malindi: Tiyeni tizichotsa imodziimodzi sisi. Commonwealth iwalani, amafuna mawu 2,000 mpaka 5,000 komanso nkhani yosatulukapo, yanuyo yadutsa malire ndipo ili kale m'buku. Amatsegula pa 1 Sepitembala kutseka pa 1 Novembala, kulowa ndi ulele, lembani ina yatsopano yaifupi ndipo muisunge mu fulashi osaonetsa anthu. Caine kutalika mukukwana, ndi 3,000 mpaka 10,000, koma amatumiza ndi pabulisha osati mlembi ndipo zodzisindikizira wekha salandira. Apa ndi pomwe pakupwetekeni.

Mlembi_Mpondasi: Nanga nditati wopulinta uja ndiye pabulisha wanga?

Sir_Malindi: Musayerekeze. Munthu wopulinta makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro si pabulisha, akakufufuzani dzina lanu lidzaipa pomwe simunayambe nkomwe kudziwika, ndipo alembi aku Africa kuno a sci-fi ndi ochepa amadziwana onse.

Anaphiri_MonkeyBay: Kkkk za mafulashi musandikumbutse Sir. Ine novel yanga ya mawu 52,000 ndinapita nayo pa shopu ina pa boma kuti andipulintire chaputala chimodzi chokha, kompyuta yawo inali ndi vairasi, kufika kunyumba mafayilo onse asanduka ma shortcut. Ndinalira pa kabaza kuchokera pa roundabout mpaka kudepoti, wa kabaza mpaka kufunsa kuti mayi kwagwa zovuta? Pano ndikangolemba ndimadzitumizira pa imelo, bandulo ithe ithe.

Madala_Namwera: Ikanakhala ndi ISBN kopi ina ikanakhala ku Zomba.

Anaphiri_MonkeyBay: Madala inali isanatuluke!!

Kijana_Makawa: Za Nommo sutumiza wekha aise, amasankha ndi mamembala a African Speculative Fiction Society, awadiyo inayamba 2017. Ndiye nkhani ndi yoti mamembalawo aiwerenge, nchifukwa chake chaka chikamatha anzathu akunja amalemba post yoti chaka chino ndatulutsa izi, mawu mwakuti, yatuluka mwakuti, link nayi. Ife timaona ngati kudzichemerera koma fisi akatola fupa sadyera pomwepo, ife tikudyera kunsi kwa bedi. Ndipo mukamalemba post yo samalani gulu, ku awadi ya sci-fi ya Hugo short story imathera pa 7,500, yanuyo ya 8,300 ndi novelette, novella imayambira 17,500. Ku Hugo ko nkhani ikatuluka koyamba m'Chingerezi amaiwerengeranso chaka chimenecho ngakhale inatuluka kale m'chilankhulo china, kungoti osankha ake ndi mamembala a msonkhano wa sci-fi wa Worldcon, ndani wa iwo waona buku la pa Mpondasi.

Sir_Malindi: Mwambiwo mwaupotoza achimwene koma pitirizani kkk. Pa za chaka, ine ndikuti lembani imelo kwa oyendetsa awadi iliyonse, mufotokoze zonse zitatu, Facebook Novembala, deti la m'buku, ndi lisiti la Febuluwale. Osabisa za Facebook. Magazini ambiri akaona kuti nkhani inakhalapo poyera pa intaneti amaitenga ngati yotuluka kale, olo mufufute ma screenshot amakhalapo.

Anaphiri_MonkeyBay: Komanso chenjerani ndi ma awadi a mu inbox. Ine anandilembera kuti mwasankhidwa, tumizani madola a processing, ndinatsala pang'ono kugulitsa mbuzi. Ofuna ndalama musanapambane athaweni. China PDF musagulitse chisawawa, ndinagulitsa imodzi pa Mpamba Lachiwiri, pofika Loweruka mlamu wanga wa ku Lilongwe akunditumizira pa WhatsApp kuti mlamu werengani iyi ndi yabwino, osadziwa kuti ndalemba ndine.

Madala_Namwera: Mukanalembetsa ku COSOMA. Ndi ISBN.

Kijana_Makawa: Madala ISBN siletsa munthu kufowada PDF, ndi nambala yoti mashopu ndi malaibulale azilipeza buku basi.

Madala_Namwera: Ine ndinayamba kulemba pa taipi inu musanabadwe. Shopu yanji ilandire buku lopanda nambala? Makopi 139 adyedwa ndi chiswe mukudikira azungu.

Sir_Malindi: Apo pokha madala anena zoona, chotsani mabukuwo pansi muike pa thebulo, chinyezi cha mvula ino chiwapinda makava. Yesani malo ogona alendo ku Cape Maclear muwasiyire asanuasanu, mulembetsane papepala. Ine chaka chino ndasiya zolonjeza novel, ndangoti mawu 300 patsiku ndisanapite kukaphunzitsa ndi nkhani 4 zotumiza ku magazini ngati Omenana, ikatuluka kumeneko ndiye pabulisha mwamupeza. Januwale ndinakwanitsa masiku 9, kenako kunabwera ma scheme.

Kijana_Makawa: 300 ndi yochepa Sir, ine ndikupanga 1,000.

Anaphiri_MonkeyBay: 1,000 ya pa status kapena ya m'buku?

Madala_Namwera: Amene akupita ku Zomba sabata ino andiuze, ndili ndi envelopu.