Zomwe ndasankha pa magetsi a nyumba yatsopano

Pa funso langa lija, lakuti ndiike giza yamagetsi kapena yadzuwa m'nyumba imene ndikumanga, ndasankha yadzuwa, chifukwa kutenthetsa madzi kumadya mayunitsi ambiri pakhomo. Mmisiri walozetsa mbali imodzi ya denga kumpoto, popeza kuno ku Malawi dzuwa limadutsa chakumpoto m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, ndipo giza ndi masola zidzakhala mbali imeneyo. Mapaipi a mawaya tawakwirira kale m'khoma tisanapake pulasitala, kuti inveta (chida chosintha magetsi a m'mabatire kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba) ndi mabatire zikadzagulidwa tisadzagumulenso. Mababu onse ndi a LED, pakuti la mawati 9 limawala ngati lakale la mawati 60. Maswichi oyatsira pafoni ndayamba ndawasiya, chifukwa intaneti ya kudera kwathu imadukaduka.