Zotsatira za funso langa lokhudza mankhwala a mayi anga

Ndikuthokoza nonse amene munayankha funso langa loti ndi mankhwala ati amene angathandize mayi anga, omwe anasiya kusamba kalekale, mafupa awo ndi ofooka, ndipo mchemwali wawo anadwalapo khansa ya m'mawere. Tinatsatira malangizo oti tikafunse dokotala za raloxifene, mankhwala amene amachepetsa kuthyoka kwa mafupa a msana komanso chiopsezo cha khansayi. Asanawalembere, dokotala anafunsitsa ngati magazi anayamba awaundanapo m'mitsempha, chifukwa mankhwalawa amakulitsa vuto limenelo. Tsopano akumwa piritsi limodzi la 60 mg patsiku. Chimene chikuwavuta ndi kutentha thupi usiku, moti amachita kukankha bulangeti, ndiponso kukokana kwa minofu ya m'miyendo. Amene akuyembekezera opaleshoni auze dokotala msanga, popeza mankhwalawa amasiyidwa kutatsala maola 72.