Buku la nkhani yoona lolembedwa ngati nthano: tingawonjezere chiyani?

Wa ku Domwe:
Moni nonse. Kuno ku Angónia, ku Mozambique, akuluakulu amene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni akutha mmodzimmodzi, nkhani zawo n'kupita nazo kumanda. Munthu akafuna kuzilemba kuti zikome ngati nthano koma zikhale zoona zokhazokha, amaloledwa kuwonjezera chiyani? Makamaka mawu amene anthu ankayankhulana, poti panalibe wojambula.

Mphunzitsi wa ku Ulongwe:
Achimwene, chanu ndi kasanjidwe kokha: poyambira, munthu amene tizimutsata, chimene mubise mpaka mutu wachisanu. Zochitikazo si zanu ayi. Truman Capote ndiye anatchukitsa kalembedwe kameneka ndi buku lake la In Cold Blood mu 1966, nkhani ya anthu anayi a banja limodzi ophedwa ku Holcomb, Kansas, mu 1959. Zinadzadziwika kuti chochitika chomaliza cha kumanda anachita kupeka, ndipo zimenezo zinadetsa masamba ena onse. Za mawu, alembeni ngati otuluka m'kamwa mwa munthu pokhapokha wakuuzani ndi mwiniwake kapena amene anawamva ndi makutu ake. Apo ayi, lembani "akuti". Maganizo a munthu wakufa musawalembe konse.

Mayi wa ku Tsangano:
Ndionjezepo za kucheza nawo. Jambulani pa foni, chilolezo chawo chimveke koyambirira kwa zojambulazo. Ola limodzi limadya maola anayi kapena kuposerapo polikopera papepala, choncho musaunjike. Chezani ndi munthu payekha: mayi pamaso pa amuna awo kapena pa a nyakwawa amangovomera zonse. Bwereraninso pakatha sabata ziwiri, chifukwa ulendo woyamba amakupatsani nkhani yozolowera kunena pagulu.

Musafunse kuti "munamva bwanji?" Funsani kuti anasenza chiyani pamutu, mwana anamubereka ndani, anagona pati usiku woyamba, chimanga chinali chitafika pati m'munda. Funso lomalizali limakupatsani mwezi. Chaka ndiye chimavuta, agogo ambiri amasakaniza maulendo awiri kukhala umodzi. Yezani ndi zodziwika, monga chilala cha 1992 ndi mgwirizano wa mtendere wa ku Rome, umene unathetsa nkhondoyo pa 4 Okutobala chaka chomwecho, kapena ndi khadi la ubatizo la mwana wobadwira kothawirako.

Mlembi wa ku Moatize:
Amayi anena zoona. Chochitika chilichonse chachikulu chikhale ndi mboni ziwiri zosakhala nyumba imodzi. Zikasemphana, lembani mbali zonse, musasankhe yokomayo. Za anthu ambiri amene asilikali a Chipwitikizi anapha m'mudzi wa Wiriyamu ku Tete pa 16 Disembala 1972 dziko linazimva pamene wansembe wa ku Britain Adrian Hastings anatulutsa mu nyuzipepala ya The Times mu 1973 lipoti la ansembe lokhala ndi mayina a ophedwa. Mayinawo ndiwo anapatsa nkhaniyo mphamvu.

Koma samalani ndi amoyo. Mukalemba kuti uje ndiye ankalondolera asilikali, ana ake akutunga pa mjigo umodzi ndi ana a wophedwayo. Sinthani dzina ndi mudzi, munene poyera patsamba loyamba kuti mwasintha. Kuphatikiza anthu atatu kukhala mmodzi ndiye ayi, pamenepo mwalemba nthano yopeka. Musanasindikize, muwerengereni mwini nkhani mutu wake m'Chichewa, ngakhale bukulo litakhala la Chipwitikizi.