N'chifukwa chiyani "n'komwe" safuna chiganizo chovomera?

Wophunzira_Zomba:
Akuluakulu, ndithandizeni. Tikanena kuti "Sindinamuone n'komwe" aliyense amamva bwino, koma "Ndinamuona n'komwe" ndi chiganizo chimene palibe angachilankhule. Zilinso chimodzimodzi ndi "m'pang'ono pomwe". Kodi lamulo lake ndi lakuti mawuwa amafuna mphatikiram'mbuyo "si-" basi, kapena pali china chozama?

Mphunzitsi_Wopuma:
Si "si-" yekha, mwanawe. Tamvani izi: "Anachoka osatsanzika n'komwe", komanso "Anakana kutipatsa ngakhale tambala imodzi". M'chiganizo chachiwirichi muli "ngakhale ... imodzi", mawu a mtundu umodzi ndi "n'komwe", ndipo mulibe mphatikiram'mbuyo wokana, koma kukanako kwabisala m'tanthauzo la mneni. Katswiri wa zilankhulo William Ladusaw anafotokoza zimenezi mu 1979 pofufuza mawu a Chingelezi monga any ndi ever. Iye anati mawu otere amakhala pamene mfundo imatsika kuchoka pa gulu lalikulu kupita pa laling'ono. Mayi akabwera kuchokera kumsika nanena kuti sanagule nsomba, mwadziwa kale kuti chambo sanagule, usipa sanagule. Koma akanena kuti agula nsomba, simungalumbire kuti m'dengumo muli chambo. Kukana kumatembenuza njira ya mfundo, ndipo "n'komwe" amamera pamalo otembenukawo.

NaPhiri:
Aphunzitsi, ndikugwirizana nanu, koma mfundo ya Ladusaw imapunthwa pa mafunso. Mngelezi amaika ever m'funso lopanda kukana kulikonse, chikhalirecho funso silitsitsa mfundo monga chimachitira chitsanzo chanu cha nsomba. N'chifukwa chake Anastasia Giannakidou, amene anafufuza kwambiri Chigiriki, anati chofunika n'chakuti chiganizocho chisatsimikize kuti chinthucho chinachitikadi. Komabe m'khutu langa "n'komwe" wathu ndi wouma mtima kuposa ever, pakuti "Kodi munamuona n'komwe?" sindikumva bwino ngakhale lili funso. "Aliyense" ndiye wofewa: amalowa mu "Sindinaone aliyense", amalowanso mu "Aliyense angathe kubwera", ngakhale kuti matanthauzo ake awiriwa ndi osiyana.

Mphunzitsi_Wopuma:
Mwanena zoona, mayi. Ndiwonjezepo kuti alipo mawu ena amene amathawa kukana. Timati "Basi yafika kale", koma pokana sitinena kuti "Basi sinafike kale". Timangoti "Basi sinafike", kapena "sinafikebe". Ndipo mawu ongolimbikitsa kukana amatha kulanda ntchito yonse: pas wa Chifalansa poyamba ankatanthauza phazi limodzi loponda poyenda, koma lero anthu ambiri polankhula amasiya ne, mawu okana amene pas ankangowalimbikitsa, n'kukana ndi pas yekhayo.