Makasitomala akuti pabalaza pakuoneka pozizira, koma penti yaletsedwa: ndiyambire pati?

Wokongoletsa nyumba: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndapeza ntchito kwa mayi ena amene akufuna ndiwakonzere pabalaza ndi kuchipinda kuti zigwirizane ndi nyengo ino ya masika, poti masamba ayamba kuyoyoka ndipo madzulo kukumabwera kachisanu. Akuti akalowa m'nyumba azimva kufunda ndi maso omwe. Ndalama yawo ndi yochepa, nyumba ndi ya lendi, ndipo alandilodi anakaniratu zopaka penti kapena kuboola khoma. Makoma ndi oyera mbee, matailosi otuwa, sofa wotuwanso. Ndinawasiyira tizidutswa ta nsalu: ya mtundu wa njerwa yowotcha, yachikasu chozama ndi ya khofi. Masana tinagwirizana bwinobwino. Usiku anditumizira chithunzi, akuti nsaluzo zikuoneka zothimbirira ngati zosachapa. Ndisinthe mitundu?

Wa zamagetsi: Nsalu muzisiye kaye achemwali. Auzeni akujambulireni babu la pabalazapo, pamene palembedwa manambala. Ndikukhulupirira mupezapo 6500K.

Wokongoletsa nyumba: Mwalasa achimwene. Ndi 6500K, ndipo ndi limodzi lokha pakati pa siling'i. Kuchipinda nakonso chimodzimodzi.

Wa zamagetsi: Ndiye wakuba tam'gwira. Nambala ya K ija imanena mtundu wa kuwala, osati mphamvu yake. La 6500K limawala moyera mopita ku buluu, ndipo likagwera pa nsalu yofiirira kapena yachikasu limaiphera mtundu, n'chifukwa chake akuona ngati yada. Gulani a 2700K, kapena 3000K ngati mayiwo sakonda kuwala kwachikasu kwambiri. Muonenso pa bokosi pomwe alemba CRI, nambala yosonyeza mmene babu limaonetsera mitundu yeniyeni ya zinthu. Ambiri otchipa amakhala 80, koma mukapeza la 90 tengani limenelo, chifukwa mitundu yofiira ndi imene imavutika kwambiri pa mababu a CRI yotsika. Za kuwala musayang'ane mawati, yang'anani malumeni: babu la LED la malumeni pafupifupi 800 ndi lofanana ndi babu lakale lija la mawati 60.

China, babu limodzi la pamwamba limawalitsa chilichonse mofanana, chipinda chimaoneka chopanda kuya. Pezani nyale ziwiri zapatebulo, ngakhale zogwiritsidwa kale ntchito bola chingwe chili bwino, imodzi pambali pa sofa, ina pakona yakutali. Madzulo azizimitsa la pamwambalo. Mukatero mubwerere ndi tizidutswa tanu tomwe tija dzuwa litalowa.

Wopaka penti: Ine ndimangomva chisoni ndi alandilodi oterewa. Khoma limodzi lokha la kumbuyo kwa sofa likanatha nkhani yonse. Khoma la mamita 4 m'litali ndi 2.7 kukwera ndi masikweya mita osakwana 11. Penti yamadzi, lita imodzi imakwana masikweya mita 10 mpaka 12 ukapaka kamodzi pa khoma losalala, ndiye malita awiri kapena kupitirirako pang'ono akwana kupaka kawiri. Mwayesapo kuwalembera kalata yolonjeza kuti mayiwo akamatuluka adzabwezeretsa yoyera? Ena amakana pakamwa koma akaona zolembedwa amafewa.

Wokongoletsa nyumba: Tinayesa bambo, anakanitsitsa. Komanso mukawerengera kupaka kawiri, lero komanso pa tsiku lotuluka, ndiye kuti sizotchipanso ayi.

Kalipentala: Ngati khoma ndi la eni ake, mtundu uikeni pa chinthu chimene mayiwo adzanyamule posamuka. Kuchipinda apangireni thabwa la kumutu kwa bedi. Pulayiwudi ya mamilimita 12, siponji ya masentimita 5 pamwamba pake, kenako nsalu, n'kukhoma kumbuyo ndi sitepula. Pokoka nsalu yambirani pakati pa mbali iliyonse n'kumapita kumakona, apo ayi ichita makwinya. Bedi la anthu awiri limakhala pafupifupi masentimita 137 m'lifupi, inu dulani thabwalo mopitirirako pang'ono mbali zonse. Miyendo iwiri ifike pansi, bedi likankhidwe kuti lipanikize thabwalo kukhoma, msomali palibe. Kumbuyo matani tizidutswa ta bulangete lakale kuti lisakande penti ya alandilodi aja. Nsalu yake sankhani ya khofi kapena yosaonekera kwambiri, chifukwa ichi si chinthu chosintha nyengo iliyonse.

Telala: Achemwali, makatani alipo kale? Nanga akulekezera pati?

Wokongoletsa nyumba: Alipo amayi, oyererako, akadali abwino ndithu. Koma ndi aafupi, akuthera pansi pa zenera penipeni. Chitsulo chopachikira chinakhomedwa kale ndi eni nyumba, chili chapamwambako.

Telala: Basi mwapeza ndalama pamenepo. Musagule ena. Sosolani mpendero wam'munsi, mulumikize nsalu yanu ya njerwa ija mpaka katani afike pansi, kungosiya sentimita imodzi kuti asamakolope matailosi. Katani wofika pansi amatalikitsa chipinda, ndipo mtundu wa nyengoyo ukhala m'munsimo momwe sofa ndi nyale zili. Munthu sangadziwe kuti ndi wolumikiza, amaona ngati munachita dala kuyambira pachiyambi. Koma nsalu yatsopanoyo muichape kaye musanadule, makamaka ngati ndi ya thonje, chifukwa imafupika, ndipo yofiira imakonda kusuluka n'kudetsa yoyerayo. Muonenso kuti kulemera kwake kukufanana ndi kwa katani wakaleyo. Yolemera pansi pa yopepuka imakoka msoko, umachita mafunde.

Muyezenso m'lifupi. Katani wooneka bwino amafunika nsalu yochuluka kawiri kuposa kutalika kwa chitsulo, ikachepetsetsa kamodzi ndi theka. Ngati awo ndi ongokwanira zenera, onjezani mzere wa nsalu yomweyo m'mbali zakunja.

Za makushoni musagule athunthu, sokani zovala zake zokha. Ine ndimasoka zopanda zipi, zopisana kumbuyo ngati envulopu. Pa khushoni wa masentimita 45 ndimadula nsalu ya masentimita 47 kwa 110, ndiye pa nsalu yotambalala masentimita 150, kagawo kopitirira mita imodzi pang'ono kamanditulutsira zitatu. Chovala chikhale chothina pang'ono, khushoni aoneke wonenepa. Wolobodoka amaoneka wakale ngakhale wangosokedwa dzulo.

Wokongoletsa wamkulu: Ana anga, zonse mwanenazi ndi zoona, koma ndikuona ngati tikuthamangira kugula. Iwe mwana wanga, usanatulutse ndalama ya mayiwo, pita ukachotse. Nyumba zambiri zimene ndalowamo sizisowa katundu, zimachita kutsamwa naye. Tsitsa zonse zili pa mashelefu ndi pa tebulo, ubweze zitatu kapena zisanu zimene zili ndi mtundu wofunda: dengu, mabuku, mphika wadothi. Sofa ngati wamatiridwa kukhoma, musunthe pang'ono, mipando iyang'anane m'malo moti yonse iyang'ane TV. Zimenezi ndi zaulere, ngakhale ntchito yako usaiwale kuiwerengera, poti anthu amaganiza kuti chimene sichinagulidwe m'sitolo sichilipiridwa.

Pa mitundu ine ndimatsatabe kagawidwe kakale kaja ka magawo 60, 30 ndi 10 pa 100. Zoyera ndi zotuwa zimene wazipezazo ndiye 60 wako, sungalimbane nazo. Khofi ndi mtundu wa matabwa zikhale 30. Njerwa ndi chikasu zikhale 10 yokha. Ukapyola pamenepo chipinda chimayamba kukuwa, ndipo pofika nyengo ina mayiwo adzakhala atatopa nacho.

Ndipo ndikudziwa akuonetsa zithunzi za pa tsamba la pa intaneti la Pinterest za maungu apulasitiki ndi masamba opanga. Uwakanize mwaulemu. Zimenezo zimagwira ntchito miyezi itatu, yotsalayo zimangodya malo m'katoni. Ndalama yaikulu ipite ku zokhalitsa, nyale, makatani ndi thabwa lija. Za nyengo zikhale zimene zimavulidwa n'kupindidwa.

Wokonza maluwa: Amayi anenadi. Zachilengedwe zilipo zambirimbiri nyengo ino: nthambi zouma, udzu wokhala ndi ngayaye zake, masamba amene asintha mtundu. Nthambi zitatu zazitali m'botolo lalikulu lagalasi pakona ya nyale zimakwana, mthunzi wake pakhoma umachita kukongoletsa wokha. Mukafuna masamba asaphwanyike, dulani nthambi isanaumiretu, muiike m'madzi osakaniza ndi glycerine, muyezo umodzi wa glycerine pa miyezo iwiri ya madzi ofunda. Ikamwa kwa sabata ziwiri kapena zitatu masamba amakhala ofewa ngati chikopa, ngakhale mtundu umaderako. Zotola panja muzikutumule bwino, zing'onozing'ono muzitsekere m'pepala lapulasitiki n'kuziika mufiriza kwa sabata, apo ayi mulowetsa tizilombo m'nyumba ya makasitomala. Ndipo kandulo asayandikire zouma zimenezi ngakhale pang'ono.

Wokongoletsa nyumba: Nanga zithunzi ndi kalilole ndipanga bwanji popanda misomali? Ndimaganiza zopachikira zomata kukhoma zija.

Wopaka penti: Zomatazo samalani nazo. Zimagwira pa khoma losalala ndi loyera, ndipo musapyole kulemera kumene alemba pa paketi. Ngati penti ya pansi inapakidwa pa fumbi kapena pa khoma lachinyezi, pomatula imachoka ndi chikamba, ndiye mlandu ndi alandilodi womwe mumauthawa uja. Yesani kaye kuseri kwa chitseko. Chithunzi chopepuka pakati pake pakhale pafupifupi masentimita 145 kuchokera pansi. Anthu ambiri amapachika m'mwamba mopitirira.

Kalipentala: Kalilole wamkulu osamudalira zomata. Ngati m'nyumbamo mulibe ana, mutsamiritseni kukhoma pafupi ndi zenera kuti azibweza kuwala, pansi pake muike kalabala kuti asaterereke pa matailosi. Ngati ana alimo, musiyeni. Wamng'ono pa shelefu ndi wokwana.

Wokongoletsa nyumba: Ndabwera ndi lipoti akuluakulu. Ndasintha mababu, ndaika a 2700K pabalaza ndi kuchipinda, nyale ziwiri zapezeka, imodzi inali m'nyumba momwemo yosagwiritsidwa ntchito. Ndinapita madzulo ndi tizidutswa tomwe tija, mayiwo anafunsa ngati ndabweretsa nsalu zina. Asankha njerwa ndi khofi, chikasu chatsala pa khushoni mmodzi. Makatani ali kwa atelala, thabwa la bedi likudulidwa. Pabedi sindinagule chilichonse, ndangotembenuza chofunda chawo kumbali yopanda maluwa n'kupinda bulangete la khofi kumiyendo. Chatsala ndi pansi. Ndalama yotsalayo ikukwana kapeti kakang'ono basi, ka masentimita 120 kwa 170. Ndigule?

Wokongoletsa wamkulu: Ayi mwana wanga. Kapeti yaing'ono pakati pa balaza imachepetsa chipinda. Imafunika yoti miyendo yakutsogolo ya sofa ndi ya mipando iponde, ndipo pabalaza wamba zimenezo zimayambira pa 160 kwa 230. Auze asunge ndalamayo awonjezere mwezi wamawa. Kakang'onoko ngati akukafunitsitsa kapite kuchipinda, pambali pa bedi pomwe amatsikira m'mawa.

Telala: Ndipo pa matailosi muike kansalu kalabala koletsa kuterereka pansi pake. Achemwali, munditumizirenso muyezo wa zenera lachiwiri lija kuchokera pa chitsulo mpaka pansi, mbali zonse ziwiri. Pa chithunzi chitsulocho chikuoneka chopendekera kumanzere, ndisadule ndisanatsimikize.