Mabuku aja munandiuza, ndawerengako

Mwezi watha ndinafunsa za buku loti lindibwezeretse chilakolako chowerenga, poti ndinkangofika pa tsamba 30 n'kulisiya. Zikomo nonse amene munandiyankha.

Ambiri munatchula Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga, lija linatuluka mu 1988. Munalasa ndithu! Masiku anayi okha, latha. Tambu, mtsikana amene akusimba nkhaniyi, amapeza malo kusukulu ya mishoni mchimwene wake Nhamo atamwalira, ndipo sabisa kuti imfayo sinamudandaulitse. Koma amene sakundichoka m'mutu ndi Nyasha, mwana wa bambo ake aakulu, uja anakulirako ku England. Pamene amamukakamiza kudya iye n'kukasanza mobisa, ndinatseka buku kaye, chala chili m'kati, n'kungokhala duu.

Pano ndili pakati pa Half of a Yellow Sun la Chimamanda Ngozi Adichie, lonena za nkhondo ya Biafra ya 1967 mpaka 1970. Likuyenda pang'onopang'ono, koma sindilisiya.

Inu amene munati ndizilemba ndi pensulo m'mphepete mwa masamba, pepani, ndayesa kamodzi ndipo ndinafufuta pomwepo. Dzanja likukana.