Mahedifoni akumveka khutu limodzi pa desktop

Moni nonse, mwaswera bwanji?

Ndathedwa nzeru ndi desktop yanga ya Windows 10. Ndikalowetsa mahedifoni pabowo lobiriwira lakutsogolo, mawu akumveka kumanzere kokha, kumanja kuli zii. Mahedifoniwo alibe vuto, pafoni akumveka mbali zonse.

Balance, yogawa mawu kumanzere (L) ndi kumanja (R), ndaiona kale, L ndi R zonse zili pa 100. Driver ya mawu, pulogalamu yoyendetsa zamawu pakompyuta, ndinaichotsa n'kuikanso, palibe chasintha. Ndikayatsa Mono audio, yophatikiza mawu a mbali zonse, ikungounjika nyimbo yonse m'khutu lakumanzere lomwelo.

Chondizunguza mutu n'chakuti ndikasolola pulagi pang'ono, kumanja kumayamba kumveka, koma woimbayo amamveka chapatali ngati ali m'chitsime. Ndikangokhudza chingwe, basi kwazimanso. Pulagiyo ndi ya 3.5mm ya timizere takuda 3, ija ya mahedifoni okhala ndi maiki, pomwe kompyutayi kutsogolo ili ndi mabowo awiri, lobiriwira ndi lapinki. Kubowo lakumbuyo zonse zikumveka bwino, kungoti chingwe n'chachifupi, sichifika pampando.

Kodi ndigule splitter yopatula maiki ndi mahedifoni, kapena ndi waya wa HD Audio wopita pa motherboard womwe wakhwefuka? Amene munakumanapo nazo, chonde ndiuzeni ndisanatsegule bokosi la kompyutali.